Magazi a Amuna Anga Ankapita Kuti?

Mtendere wa Ambuye ukhale nanu, abale ndi alongo. Aleluya! Ine ndine Nachisale wa ku Mkanda. Bambo akhala kumbuyoko ndi amuna anga, a Phiri.

Ankapalasa kabaza. Munthu wamphamvu! Kenako anayamba kufooka. Akakwera njinga, chizungulire. Zikhatho kuyera. Kuchimbudzi, zakuda bii.

Kuchipatala anati magazi achepa. Anawawonjezera, magazi anatha. Anawawonjezeranso, anathanso! Anatitumiza ku Lilongwe. Kumeneko analowetsa kapaipi ka kamera kukamwa, sanaone kanthu. Analowetsa kumunsi, sanaone kanthu.

Apa m'pamene panavuta, abale anga. Alamu anga, akulu awo a Phiri, anandiitanira kunja kwa wodi.

"Mlamu, madokotala sakupeza matenda. Ndiye kuti matendawa ndi a m'nyumba. Mwamudyetsa chiyani mng'ono wanga? Mawa tikumutulutsa, tikaombeze ku Zambia. Akangotisiya, mudzayankha pamaliro."

Ine? Ine amene ndinkawasambitsa?

M'mawa adokotala anati, "Pakati pali matumbo aang'ono, aatali, opindikapindika. Kapaipi kathu sikafikako. Tiyese sikani."

Alamu anakana, galimoto anali atapeza kale. A Phiri, mawu akumveka patali, anati, "Achimwene, ndilowe kaye m'makinawo."

Anawamwetsa madzi ambiri, kuwabaya mankhwala pamkono, n'kuwagoneka m'makina aakulu obowoka pakati. Chitseko anatseka. Ine uku, alamu uko. Mumtima ndinkangoti, Yehova, akapandanso kupeza kanthu, ndatha ine. Yehova, onetsani!

Adokotala anatiitana tonse awiri. Analoza pakompyuta kanthu koyera.

"Chotupa ndi ichi. Chimadontha magazi pang'onopang'ono. Chamtunduwu sitichionaona."

Alamu anafunsa, "Si chochita kudyetsedwa?"

"Ayi bambo, chinamera chokha."

Abale anga, ndinakhala pansi pasimenti n'kulira mokweza!

Anawachita opaleshoni. Anadula chigawo chodwalacho n'kulumikiza matumbo. Atachiyeza, anati si khansa. Aleluya!

Lero a Phiri akulima mtedza. Katundu wolemera sananyamulebe, ndipo kuchipatala timapitabe kukawapima. Alamu sanapepese mpaka pano. Tikakumana panjira amandipatsa moni, ine ndimayankha, koma pamtima pamabayabe. Mundipempherere pamenepo, sindinafike powakhululukira.

Ndikuthokoza Mulungu, ndikuthokoza madokotala aja, ndi amayi a mvano amene munasunga ana anga. A Phiri, taimirirani akuoneni. Amen!