Tchalitchi Chopanda Masitepe

Pa siteji ya basi m'mbali mwa mtsinje wa Nene, mayi wina wachilendo anakhala atafungatira kabokosi ka phulusa la mtembo wa malemu bambo ake. Anali atagwa mphwayi pomwe mkulu wina wovala jombo zamatope anamuyankhula.

"Mwazungulira mudzi wonse, mayi. Mwataya chiyani?"

"Tchalitchi, bambo. Malemu anati phulusa lawo ndikakwirire pomwe anabatizidwa. Dzina la tchalitchicho anali ataliiwala, ankangoti khomo lake linali lolingana ndi nthaka, ngakhale bakha ankalowa. Koma matchalitchi anu onse ali ndi masitepe."

"Anachoka liti kuno?"

"Ali mnyamata, nkhondo itangotha."

"Ha! Ndiye mukufuna nthaka yomwe inapita kale. Kuno kunali dambo. Chipopereni madzi, dothi lakudali limangouma n'kumatsika, lina mphepo imatenga. Simukuona mtsinje uli pamwamba, minda ili pansi?"

"Nanga tchalitchi sichitsika nawo?"

"Cha Anglican chili pa dongo, masitepe ake ndi amakedzana. Cha Baptist chikutsika ndithu, chapendekeka ngati woledzera. Koma cha Methodist anachimanga pa mitengo yokhomera pansi. Chinatsala m'mwamba, ife n'kumangowonjezera masitepe."

"Chija chokwera ngati makwerero? Ndinachidutsa osaima n'komwe!"

"Chomwecho. Sitepe yapansi ndinaumba ndine. Basi yanu iyo ikubwera."

"Ipite. Fosholo muli nayo?"

"Ilipo, koma abusa avomere kaye. Ndipo musakumbe mozama, mayi. Kuno munthu amatsika yekha."