Sobo wa Apongozi

Matenanti atayamba kuthawira kwina, mwini esiteti ina ya fodya ku Wimbe analengeza kuti tenanti aliyense wochezeredwa ndi apongozi azilandira sefu, kolugeti ndi sobo, kuti mlendoyo azikanena zabwino kumudzi. Tsono m'mawa wina a Esau Mphepo anafika pazenera la sitolo ya pa esitetipo ali wefuwefu, malaya ali bii ndi phula la fodya, poti apongozi awo anali m'njira kuchokera ku Phalombe, atalumbira kuti akapeza mwana wawo Ezelina akuvutika abwerera naye.

"A Cornelius, tsegulani! Ndadzatenga za apongozi."

A Cornelius, osunga sitolowo, anasuzumira kumbuyo kwa a Esau. "Apongoziwo ali kuti?"

"Ali m'minibasi. Adutsa kale pa Mponela."

"Ndiye kuti sanafike. Bwana anati wochezeredwa. Inu simunachezeredwe, mukuyembekezera kuchezeredwa."

A Esau analoza malaya awo. "Achimwene, malayawa ndi okhawa. Ndiwachape apongozi ali pakhomo? Ndiwapatse moni chifuwa chili pamtunda?"

A Cornelius anakanda chibwano. "Apo pokha mwanena zoona. Chabwino, tingoti afika. Mukufuna chiyani?"

"Sefu."

"Palibe."

"Ha! Nanga makatoni awo?"

"Amenewo si sefu. Alembapo kuti Mbee."

"Amachapa?"

"Kwambiri! Thovu lake mpaka m'zigongono."

"Basi, ndipatseni sefu wa Mbee yemweyo."

"Sefu wa Mbee kulibe, bambo. Kuli Sefu, kuli Mbee. Inu munthu angakuitaneni kuti Esau wa Cornelius?"

"Ndiye ndipatseni Mbeeyo!"

"Bwana sanatchule Mbee."

"Anagula ndani?"

"Bwana."

"Anagulira chiyani?"

"Sanandiuze. Ine sindilowa m'mutu mwa bwana."

A Esau anavula chipewa, n'kuchiyang'ana, n'kuchivalanso. "Chabwino. Kolugeti."

"Mwetulirani."

"Ndimwetulire chiyani banja langa likupasuka?"

"Ayi, ndilo dzina la mankhwala otsukira mano amene alipo. Kolugeti palibe."

"Mayo ine! Nanga sobo? Si uyo ali psuu m'mabotolomo?"

"Ndi madzi a malalanje, osungunula bwinobwino. Koma papepala lake sanalembe sobo."

A Esau anaweramira pazenera n'kunong'ona. "Apongozi anga maso anawavuta, sawerenga."

"Koma ine ndimawerenga," anatero a Cornelius, nawonso monong'ona.

"Aimbireni bwanawo foni!"

"Ali ku okushoni ku Chinkhoma. Anati ndisawaimbire pokhapokha chigafa chikapsa."

A Esau anatembenuka pang'onopang'ono, n'kuyang'ana chigafa choyanikamo fodya chimene chinali pafupi. Anachiyang'ana nthawi yaitali.

"A Cornelius, muli ndi machesi?"

"Alipo, koma sali m'gulu la za apongozi."

Pomwepo foni ya a Esau inalira. Anali Ezelina: mayi ake atsika pa boma, akwera kale kabaza, ndipo akufunsa ngati kunyumbako kuli chakumwa. A Esau anadula foni. Anakwera pazenera, n'kukhala tsonga, miyendo ili lende.

"Sindichoka pano. Akafika ndiwabweretsa kwa inu. Muwauze nokha kuti madzi a malalanjewo si sobo. Mayi amene uja anathamangitsapo wapolisi pamsika wa Migowi ndi chikho cha thobwa!"

"Tsikani, bambo, mwatseka mphepo."

"Ndine Mphepo amene, sinditsika! Sefu! Kolugeti! Sobo!" A Esau anayamba kuimba, akuguguda chitseko cha zenera ndi chidendene. Agalu a pa esiteti anavomera.

A Cornelius anatseka makutu, kenako anagwira mutu ndi manja onse awiri n'kukhala pa katoni ya Mbee. "Iii, mutu wanga ukung'ambika pakati. A Mphepo, chonde, simunatengeko panado?"

A Esau anasiya kuimba. Anapisa m'thumba n'kutulutsa kapepala ka mapiritsi oyera amene anawapatsa kuchipatala chifukwa cha msana.

"Eya, yemweyo! Bweretsani awiri," anatero a Cornelius, dzanja lili tambasu.

A Esau anakweza kapepalako padzuwa, n'kuwerenga chilembo chimodzichimodzi. "Pepani, achimwene. Apa alemba kuti palasitamo."

"Aaa, inunso! N'chimodzimodzi! Onsewo ndi panado, aliyense amadziwa zimenezo!"

A Esau anabweza kapepalako m'thumba, n'kupinda manja.

"Panado palibe, bambo. Koma sefu, kolugeti ndi sobo zikatsika pashelefu apo, mwina ndikawerenganso ndipeza kuti dzinali lasintha."