Hatchi ya pa Msewu wa ku Oadby

Loweruka lina Atuweni ankayendetsa galimoto kuchoka ku Evington, m'dziko la azungu, atanyamula malume ake a Zefaniya, nkhoswe yake, kuti malumewo akaonane koyamba ndi makolo a Stewart, mnyamata amene mtima wake unagwera. Atangopitirira Oadby msewu unachepa, ndipo kutsogolo kwawo kunali hatchi yofiirira, pamsana pake pali mayi wa jekete yachikasu.

"Liza hutala," anatero a Zefaniya.

"Hatchi saiyimbira hutala, malume. Imadzidzimuka."

"Ku Mchinji ndayimbirapo ng'ombe, mbuzi, ngakhale abusa a mpingo. Onse ankapatuka."

"Hatchi inalipo?"

"Iwe, nyama ndi nyama. Ipitirire ndiye."

"Tiipitirira msewu ukakula. Pafunika mpata wa mamita awiri, liwiro losaposa mamailosi khumi pa ola."

A Zefaniya anayang'ana wotchi, n'kukoka tayi.

"Nkhoswe ikachedwa, akuchimuna amati mkaziyo ngwaulesi. Ukwati wako uthera kumbuyo kwa mchira uwu."

"Mchirawo tautalikira bwino, malume."

"Ha, mwana uyu. Tamuona mayiyo. Dziko lonseli la mabasi, iye kusowa ngakhale ya tikiti. Umphawi ulibe dziko."

"Hatchi imadya ndalama zambiri kuposa galimoto ino."

"Bodza. Kwathu wokwera bulu ndi amene njinga yamukanika."

"Iyi si bulu."

"Ndi bulu wonenepa."

Mayi uja anatambasula dzanja lamanja, n'kulikweza ndi kulitsitsa pang'onopang'ono.

"Waona? Akupempha lifiti."

"Akuti tichepetse liwiro."

"Tichepetsenso? Kuchepetsa kuposa apa ndi maliro."

"Mukufuna ndiyatse magetsi ngati galimoto ya maliro?"

A Zefaniya anapumira m'mwamba. Kenaka anawerama, n'kukanikiza hutala ndi chikhatho chonse. Hatchi inanjanja, n'kuponda m'mbali mwa msewu. Mayiyo anagwira zingwe mwamphamvu, akuisisita pakhosi mpaka inadekha.

"Malume, mukanawagwetsa."

Koma malume anali atatsitsa kale galasi, mutu uli kunja, akukalipa m'Chichewa poganiza kuti kuno palibe angamve.

"Mayi inu, msewu si khola! Ngati n'kusauka, gulitsani chinyamacho mugule njinga!"

Anabweza mutu, n'kukonza jekete ngati munthu amene waweruza mlandu bwino.

"Anthu ena. Amadziyesa ndani ameneyu?"

"Ndi mayi ake a Stewart," anatero Atuweni, maso ali pamsewu.

A Zefaniya anasiya kukonza jekete.

"Mayi ake a ndani?"

"A Stewart. Adokotala a Anganile. Loweruka lililonse amaiyendetsa asanalandire alendo."

"Nanga bwanji sunanene?"

"Mumafunsa za hutala."

"Chichewa... amamva?"

"Kwawo n'ku Mchinji."

Apo mayiyo anacheuka, n'kuyang'ana tayi ya a Zefaniya nthawi yaitali ndithu. Ndiye anamwetulira pang'ono, kumwetulira kosafika m'maso, n'kukodola ndi dzanja kuti adutse, pakuti msewu unali utakula.

"Mpata uja wapezeka, malume. Mamita awiri akwana. Ndipitirire?"

A Zefaniya anatsetsereka pampando mpaka chipewa chokha n'chimene chinkaoneka pazenera.

"Ukuthamangira kuti, mwana wopanda ulemu? Hatchi ya apongozi saipitirira."