Thaulo Lauluka, Loko Wafika

Olemekezeka a Meya athu, olemekezeka wapampando wa bungwe la oyendetsa matakisi, mainjiniya amene mwagwira ntchito yokongolayi, atolankhani, amayi ndi abambo, ndikupatsani moni nonse.

Ndathokoza kuti mwandiitana, ine mphunzitsi wopuma, kudzatsekulira malo otchajira galimoto zamagetsi ano. Ndathokoza mainjiniya chifukwa cha denga lotiteteza ku dzuwa ndi mvula, mipando yodikirirapo, ndi zingwe zatsopanozi. Koma chimene chandisangalatsa koposa n'kanthu kakang'ono kosaoneka n'komwe, loko wa pa pulagi. Mukalowetsa chingwe m'galimoto, loko amagwira kuti khethe, ndipo sasiya mpaka batire itadzaza kapena mwini wake atatsekula yekha.

Ena mukudabwa kuti mayi wosadziwa n'chiwongolero chomwe akondwera bwanji ndi loko. Mvetserani.

Pa malo akale aja, kuseri kwa msika, panali chingwe chimodzi, ndipo madalaivala munali ndi lamulo lanulanu: munthu akasiya galimoto ikutchajidwa, ankakoleka thaulo pa galasi la m'mbali, kutanthauza kuti musazule, sinadzaze. Ndikuona mukugwedeza mitu, mukulikumbukira.

Tsiku la ukwati wa mwana wathu wamkazi, bambo a kunyumba, amene mumawatcha a Pang'onopang'ono, anakoleka thaulo lawo n'kupita kukameta. Mphepo, yosadziwa malamulo a madalaivala, inaliulutsa. Kenaka panafika dalaivala wina wothamangira makasitomala, anaona galasi lopanda thaulo, anazula chingwe n'kulowetsa m'galimoto yake. Dalaivalayo, amayi ndi abambo, anali achimwene anga enieni, a bere limodzi.

Galimoto ya bamboyo, imene inanyamula mkwatibwi, inazima pakati pa chitunda. Mwana wanga anatsika, ananyamula diresi lake m'manja, n'kuyenda wapansi, ine pambuyo ndi nsapato zake. Sekani, lero ndikutha kuseka nanu, koma tsiku lija ndinalira.

Kuyambira pamenepo, alamu awiriwa sapatsana moni. Bambo amati, "Munthu wamaso sakanaidziwa galimoto ya mlamu wake, itavala maluwa?" Achimwene amati, "Maluwa si thaulo, mlongo. Lamulo linali thaulo." Akakumana kwathu, wina amakhala pakhonde, wina pabalaza, ine n'kumayenda ndi tiyi uku ndi uku ngati ndine wa positi. Zimandiwawa, sindibisa. Onse ndimawakonda, ndipo onse ndi ouma mutu mofanana.

Tsopano mwana uja ali ndi khanda, ndipo wanena mosapita m'mbali kuti sabwera nalo kwathu kufikira bambo ake ndi amalume ake atagwirana chanza. Mdzukulu wanga ndimangomuona pa foni.

N'chifukwa chake ndikuti lokoyu sateteza batire yokha. Amateteza namwino wofulumira ku chipatala, amateteza kholo lokatenga mwana ku sukulu, ndipo amateteza ubale wa anthu amene akanadana chifukwa cha mphepo. Ndikupempheni chimodzi chokha, madalaivala: batire ikadzaza, chotsani galimoto msanga, mnzanu asakalambe akudikira.

A Meya, mundilole ndiphwanye pulogalamu pang'ono. Bambo, galimoto yanu ndi iyo, bwerani mulowetse chingwe. Musayang'ane kumbali, ndikunena inu. Eya, mwamva, loko wagwira. Tsopano achimwene, tulukani kuseri kwa mzati uko, ndakuonani kale. Bwerani muzule. Kokani ndithu, mphamvu munali nazo tsiku lija. Kokaninso. Chakana?

Mwaona nonse, chakana. Ndiye manja anu awiriwo alibenso ntchito pa chingwe. Akulu anati chibale ndi fupa, sichiwola. Gwiranani, ine ndidikira, ndinazolowera kudikira ana ouma mutu m'kalasi.

Basi. Atolankhani, jambulani msanga asanasinthe maganizo, chithunzicho munditumizire pompano, pali mayi wina wa khanda amene akuchidikira.

Ndi mtima wodzaza kuposa batire iliyonse, ndikulengeza kuti malo otchajira galimoto ano atsekulidwa.

Zikomo kwambiri, ndipo mundikhululukire ndikachoka msanga, ndikukakonza chipinda cha mdzukulu wanga.