Abambo Ako Awo Pansalu

Abale ndi alongo mwa Ambuye, ine ndinali mayi wa pakamwa. Ndinkawamba nsomba ku Chipoka, n'kumamwa masese kuti ndiiwale mwamuna wanga. Iye anakwera sitima kupita ku Joni mwana wathu Esinati adakali kumsana, ndipo sanatumize ngakhale moni.

Chaka china kunabwera galimoto yoonetsa kanema. Anamanga nsalu yoyera pakati pa mitengo iwiri, ndipo anthu anayamba kuyenda pansalupo. Esinati anali wamng'ono ndithu. Anaopa n'kuyamba kulira, pamene ine ndinkafuna kucheza ndi anzanga. Pansalu panaoneka mwamuna wa chipewa akutsika sitima. Ndinaloza n'kunena kuti, "Tonthola, abambo ako awo."

Anatonthola pomwepo. Ine n'kudziona wochenjera.

Kanema atatha, mwana anathamangira kuseri kwa nsalu ndipo sanapezeko munthu. M'mawa galimoto inapita.

Kuyambira pamenepo, wina akayanika nsalu yoyera, Esinati ankakhala pansi patsogolo pake, phee, kudikira. Phala ankakana. Ankangoti, "Ndidya abambo akatuluka."

Ndinamukalipira. Ndinamukwapula. Ndinamunyengerera ndi nthochi. Ndinapita naye kwa sing'anga, yemwe anamutema mphini pachabe. Mwana ankangowonda ine ndikuona, ndipo pakamwa panga paja sipanandithandize kanthu. Ndinasowa mtengo wogwira. Ndinkaopa kuti ndimuika m'manda.

Tsiku lina anafika aNabanda, mayi a mpingo amene ndinkawaseka akamadutsa ndi nyimbo zawo. Anayang'ana mwana, kenako ine.

"Amake Esinati, mwanayu akudikira zimene munamuuza. Muuzeni zoona."

"Ndimuuze chiyani, mayi? Inenso sindidziwa ngati bambo akewo ali moyo."

"Muuzeni zomwezo."

Ndinalira kwambiri. Paja nanenso sitima ikalira ndinkasiya nsomba zikupserera, maso ali kunjanji. Tinagwada pomwepo. Kupemphera sindinkadziwa. Ndinangoti, "Yesu, ndalephera. Ndigwireni."

Kenako ndinamuika mwana pamiyendo. "Esinati, ndinakunamiza. Aja sanali abambo ako. Komwe ali sindikudziwa."

Anandimenya pachifuwa ndi timanja take, akulira mpaka mawu kusasa. Sindinamuletse. Atatopa anagona, ndipo podzuka anapempha phala.

Mowa ndinasiya, ndinalowa kalasi, ndinabatizidwa. Koma sindikunamizani, abale: mwamuna wanga sanabwere mpaka lero. Esinati amafunsabe nthawi zina, ndipo yankho ndilibe. Timangogwada awiriwiri, n'kumutchula dzina pamaso pa Mulungu amene amadziwa komwe ali.

Alemekezeke Yesu, amene anandisiyira mwana wanga wamoyo. Inu amene muli ndi funso la mwana limene likukulemerani, musalitseke ndi bodza monga ndinachitira ine. Bwerani nalo kwa Iye, ngakhale muli chimanjamanja. Inenso ndinabwera choncho, ndipo sanandibweze. Ameni.