Mfuti ya Malemu Amuna Anga

Ine, Etaferahu Demissew, wazaka 59, wa m'mudzi wa Tid Amba m'boma la Ankober, mphunzitsi wopuma amene ndimasamala mabuku a pasukulu yathu, ndikunena izi:

Lamlungu lapitali masana ndinali kunyumba, ndikusoka chikuto cha buku. Ku ukwati wa mwana wa a Bizuneh Tafesse, oyandikana nafe, sindinapite chifukwa cha bondo. Amuna anga, a Kefelegn Habtewold, anapita. Ndinamva mfuti zikulira monga zimalirira mkwatibwi akamatuluka pakhomo pa makolo ake. Kenako ng'oma zinaleka. Patapita kanthawi anafika mayi Aselefech, amene timapemphera limodzi. Anati, "Valani nsapato, mayi a Endale. Bambo apweteka pang'ono." Nsalu yawo yoyera anaifunda chozondotsa, mphepete yokongoletsa ili kumutu, monga timafundira pamaliro. Ndinavala nsapato.

Amuna anga ndinawapeza atamwalira, atawagoneka kale pansi pa bulugama. Bala linali pakhosi, mbali ya kumanja. Chala chachikulu cha dzanja lamanja chinali chong'ambika ndipo dzanja lonselo linali lakuda. Mfuti yawo sindinaione. Alamu anga a Damtew, mng'ono wa malemu, ankauza anthu kuti a Bizuneh ndiwo awaombera, popeza awiriwo anaima moyandikana n'kuomba nthawi imodzi. Apolisi anawatenga a Bizuneh madzulo omwewo.

N'zoona kuti amuna anga ndi a Bizuneh analimbiranapo malire a munda. Akuluakulu ndi ansembe anawayanjanitsa chaka chatha, onse awiri n'kupsompsona mtanda polumbira. M'mawa wa ukwatiwo amuna anga anati, "Ndikangodya nyama yake osaomba m'mwamba, anthu adzati mtanda ndinaupsompsona ndi milomo yokha." Anatenga mfuti m'bokosi n'kupita.

Tinaika maliro Lolemba. Lachitatu m'mawa, anthu akumwa khofi mu tenti ya maliro, a Damtew anandipeza ndekha kukhitchini. Anatulutsa chinthu m'nsalu yomwe anafunda, chokulungidwa m'thumba la fetereza. Anati, "Alamu, ichi mukaponye m'chimbudzi. Ine dzanja likukana, ndi cha bambo athu. Chilibe mapepala, ndiponso anthu asamve kuti mwana wa Habtewold anagwa ndi mfuti ya kwawo." Ndinafunsa kuti, "Nanga a Bizuneh?" Anati, "Bizuneh ali ndi abale ake omulira." Anatuluka. Ndinamasula thumbalo. Ndi mfuti yomwe ndabweretsa lero.

Ndafunsidwa ngati ndikuidziwa. Ndikuidziwa, yakhala m'nyumba mwanga chikwatiwire. Ndi mfuti yam'manja yakale, ya kang'oma kozungulira ka mabowo asanu ndi limodzi. Kang'omako kamatsegukira kumanja, pamene mfuti zina zotere zomwe ndaonapo zimatsegukira kumanzere. Pambali palembedwa m'Chifalansa dzina la mzinda umene inapangidwira, ndipo pampopi pali chaka cha 1897. Chifalansa ndinachiphunzira pamene ndinkaphunzitsa ku Dire Dawa. Agogo a amuna anga anabwera nayo kuchokera kunjira ya ku Djibouti. Mbali imodzi ya chogwirira inasweka kale ndipo apongozi anga anaikapo nyanga ya ng'ombe. Chingwe chofiira chili pa mphete ya kunsiko ndinaluka ine.

Ndafunsidwanso ngati inasinthidwapo. Inasinthidwa. Zipolopolo zake zenizeni zinali zazifupi, zowongoka, zokhala ndi kamkombero kunsi. Zomaliza zinaombedwa pamaliro a apongozi anga aakazi, ndipo zina sizinapezeke kulikonse. Zaka ziwiri zapitazo amuna anga anapita nayo kwa mmisiri wina wosula zitsulo kuchigwa. Dzina lake sindilidziwa. Mmisiriyo anakuza mabowo onse kuti muzilowa zipolopolo za mfuti zam'manja za asilikali, zija zili ndi khosi ngati botolo, zomwe zimapezeka. Atabwera nayo ndinaiyang'ana padzuwa ndipo ndinaona kuti chitsulo cha pakati pa bowo ndi bowo chatsala chopyapyala ngati chikhadabo. Ndinawauza zomwe ndinawerenga m'buku lina la zida zakale, kuti mfuti zamtunduwu zinapangidwira zipolopolo za mamilimita asanu ndi atatu zopanda mphamvu yambiri. Ndinati, "Nkhalambayi mwaipatsa mafupa, chonsecho yazolowera phala." Anaseka nati, "Aphunzitsi, inu werengani. Nkhalamba ziwirife tikudziwana." Anaiyesa pa Pasaka chaka chomwecho. Inalira mokweza kuposa kale, ndipo khoko la chipolopolo anachita kulitulutsa ndi msomali. Kuyambira pamenepo sanaiombenso mpaka Lamlungu.

Momwe ilili pano, bowo la pamwamba lang'ambika ndipo chitsulo chake chachoka. Kachitsulo kodutsa pamwamba pa kang'oma kapindikira m'mwamba. M'mabowo ena muli zipolopolo zakhosi zosaomba. Sindinakhudze chilichonse. Ndabweretsanso makoko awiri a zipolopolo zakale, amene amuna anga ankasunga m'bokosi, kuti mufananitse. Pamene mfuti inkalira ine panalibe, ndipo sindine mmisiri wa mfuti. Ndikunena zomwe ndinaona pa mfutiyi ndi padzanja la amuna anga.

Lachitatu lomwelo madzulo ndinamva a Damtew akulankhula ndi mwana wanga Endale kuseri kwa khola. Endale ali ndi zaka 26, amayendetsa galimoto ku Debre Berhan. A Damtew anati, "Bizuneh anamutsekera, koma mwana wake wamwamuna sanamutsekere. Kapena mabuku a mayi ako anakusandutsa dikoni?" Pogona ndinaona mfuti yaitali ya a Damtew pansi pa mphasa ya Endale.

Lachinayi m'mawa ndinamuitanira kuchipinda n'kumupatsa thumba lija. Anaitembenuza mfutiyo kangapo. Analowetsa chala pong'ambikapo. Anati, "Amayi, anakupatsani ndani?" Ndinamuuza. Anati, "Ndiye ankadziwa kuyambira Lamlungu?" Ndinati, "Akhoza kukhala kuti sanaiyang'anitsitse." Anati, "Musawaphimbe, amayi." Anatenga mfuti yaitali ija n'kupita nayo mu tenti, anthu onse akuona. Ndinamutsatira mpaka pakhomo. Anaiika pamapazi pa bambo ake aang'ono nati, "Katundu wanu, bambo." A Damtew anayang'ana ine. Anati, "Mukapita nacho kupolisi, mwambo wokumbukira malemu pakatha masiku makumi anayi mukonza nokha. Wa kwa Habtewold sadzapondapo." Ndinawayankha kuti ndamva. Masana omwewo abale a amuna anga ananyamula mipando ndi mapoto awo.

Lero Lachisanu Endale wandikweza pa bulu mpaka pamsewu, ndipo thumba wanyamula ndi iye. Ali panjapo. Ndikupempha kuti mfutiyi ipimidwe ndi odziwa, ndiponso kuti a Bizuneh amve zomwe ndanenazi lero lomwe, popeza mkazi wawo ndi ana akugona kwa abale chifukwa cha mantha kuyambira Lamlungu. Za a Damtew, mchimwene wawo anafera m'manja mwawo. Mukawafunsa mukumbukire zimenezo.

Tenti anaichotsa dzulo. Pakhomo tatsala awiri, ine ndi Endale, ndipo tirigu wa amuna anga akadali pabwalo, sanapunthidwe.

Zomwe ndikudziwa ndi zomwezi. Andiwerengera ndipo ndi mawu anga.

Wopereka umboni: Etaferahu Demissew
Wolemba: Sajeni Mulugojam Yirdaw