Mphindi Khumi za Khofi za Bambo Stenvall

Abusa, achibale, anzawo a malemu a kuntchito, ndi nonse mwaponda chipale chofewa kudzakhuza maliro ano.

Pa 14 Okutobala 2022, pamsonkhano wa antchito, malemu anachenjeza kuti mukachotsa mphindi khumi za khofi, tsiku lina mudzatola munthu pansi. Anthu anaseka, ndipo ena mwa iwo muli muno. Ndayamba ndi zimenezi chifukwa ndikazisiyira kumapeto mphamvu zindithera. Ine ndine Tuva, mwana wawo wachiwiri. Mundikhululukire ndikamacheukira kukhomo, mwana wanga wagona m'kangolo kake kumeneko.

Malemu Bambo Rune Stenvall anabadwa pa 9 Malichi 1962 konkuno ku Granbäck, achitatu m'banja la ana asanu. Anaphunzira pasukulu ili kuseri kwa tchalitchi chino. Mu 1980 analowa ntchito pakampani yocheka matabwa, ndipo pa 6 Juni 1987 anamanga banja ndi amayi athu, Mayi Gunvor.

Zaka zambiri anali ku nyumba youmitsira matabwa. Kumeneko oweruka ndi olowa ankakumana mphindi khumi pa khofi. Pamenepo m'pamene zinkamveka kuti chitseko chakuti chikuvuta, uje sanagone mwana akudwala, a Rune mtima wayambanso. Munthu sankapita kwawo asanaone nkhope ya womulandira. Anzawo ankawatcha a Wailesi, akuti nkhani ikalowa m'khutu mwawo sinkagona.

Mu 2022 kampani inati ikufuna kuti antchito azimvana bwino. Inachotsa khofi uja, n'kuika zosiyirana ntchito zonse pafoni. Ukafika pageti umadina pafoni, dzina lako limasanduka lobiriwira, mnzako woweruka amaona n'kumapita. Malemu atadandaula anauzidwa kuti madala, foni siluma. Iwo anayankha kuti siluma inde, koma ilibenso maso.

Loweruka pa 3 Febuluwale chaka chino, anadina pageti 6 koloko m'mawa. Amene ankayenera kuwapatsira ntchito anaona zobiriwira, n'kukwera galimoto yake. Sindimutchula dzina, alibe mlandu, anachita zimene anauzidwa. Malemu anagwa pakhomo la nyumba youmitsira matabwa, asanavule n'komwe magolovesi. Anagona pamenepo maola anayi, kunja kukuzizira chonchija, dzina lawo lili lobiriwira. Anawapeza ndi woyendetsa lole ya mitengo.

Anakhala m'chipatala masiku khumi ndi asanu ndi anayi. Tsiku lachisanu foni yawo inalira. Inali kampani, kufunsa antchito onse ngati akukhutira ndi mmene mauthenga akuyendera, akuti asankhe nkhope yomwetulira kapena yokwinya. Ndinawawerengera. Dzanja linali litasiya kugwira ntchito, koma anaseka mpaka namwino anabwera. Anatisiya pa 22 Febuluwale, ali ndi zaka 61.

Asiya mkazi wawo Mayi Gunvor, ana awiri, achimwene anga a Halvar ndi ine, komanso mdzukulu mmodzi, Elvy, yemwe wayamba kuyenda agogo ake ali m'chipatala.

Tikuthokoza anamwino, abusa, amayi a kwaya omwe aphika za kuholo, ndi Bambo Ekdahl a lole aja, amene anavula jekete lawo kuwafunditsa.

Pali china chimene sichili m'mbiri, koma ndachilemba. Lero m'mawa ndikusita shati ya maliro ya amuna anga, a Joar, foni yawo inalira. Nawonso amagwira ntchito pakampani yomweyo, ndipo awaika ku nyumba youmitsira matabwa mawa Loweruka, 6 koloko, okha. Chichokere pa 3 Febuluwale ine sindigona, ndimangoyang'ana dzina lawo pafoni, podziwa kuti zobiriwirazo sizindiuza kanthu. Takambirana, ndipo tagwirizana. Tikupita kummwera, kwa makolo awo. Ntchito kumeneko sitinaipeze. Amayi akudziwa, masutikesi atipatsa ndi iwo.

Bwana Wikander a kukampani, mwakhala pa benchi yachitatu apo, ndikukuonani. Sitilemba pafoni. Mwamva ndi makutu anu: mawa a Joar sabwera, ndipo amene mutumize m'malo mwawo, wina amuone nkhope.

Bambo anga, a Wailesi, usani mumtendere. Ife kukamacha tikhala tili pamsewu.